Ndinkawerengera Mitambo pa Lichenya

Mdzukulu wanga wachisamba amakweza alendo m'phiri la Mulanje, ntchito imene ine ndinaitula maondo atayamba kundikanira. Mu Julaye wa 2025 anatsika ku Lichenya atanyowa ngati nkhuku yogwera m'chitsime, ndipo asanavule n'komwe nsapato anandigwiritsa foni m'manja.

"Agogo, taonani izi."

Ndinaitalikitsa pang'ono, poti maso a ukalamba amafuna choncho. Mitambo inali pa liwiro. Inkatuluka kunsi kwa phompho ngati mbuzi zotsekuliridwa khola mochedwa, kukwera thanthwe, kumeza chitunda chonse, kuchilavula, kenaka thambo psuu, kenaka bii. Zonsezi m'masekondi osakwana 30.

"Unakhalapo nthawi yaitali bwanji pamenepa?"

"Kuyambira cha m'ma folo mpaka mdima. Koma sindinakhalepo ayi, agogo. Ndinangoitsamiritsa pamwala n'kupita kukatereka madzi a tiyi. Imajambula yokha, amati time-lapse."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Ntchito imene kafoniko kamagwira kokha mwini wake akuwotha moto, mu 1981 ndinkaigwira ndine, ndi chala chachikulu ichi, masiku asanu ndi anayi.

Ndinali ndi zaka 26 nthawi imeneyo, mwana mmodzi kumbuyo kwa amake. Tinkafika pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula m'mamawa kukadikira alendo ofuna owanyamulira katundu. Tsikulo kunafika mzungu wamtali, wandevu, khosi lake loyera mbee pomwe nkhope inali yopsa ndi dzuwa. Anatiuza pambuyo pake kuti anamumeta akulowa m'dziko muno, chifukwa lamulo la nthawi imeneyo silinkalola mwamuna kuweta tsitsi lofika m'mapewa. Anali ndi kalata ya boma m'thumba, ndipo ankaitulutsa pafupipafupi. Achinyamata a lero sangamvetse, koma masiku a Ngwazi kamera sichinali chinthu cholozetsa paliponse.

Katundu wake anafuna anthu anayi. Panali bokosi lachitsulo, choimikapo kamera cha miyendo itatu yamatabwa, zitini zozungulira za filimu, kuphatikizapo zofunda ndi zakudya. Tinamufunsa chimene akukajambula. Anyani? Mbira za m'mapanga? Kapena akufuna kambuku, amene ngakhale ife tinkangoona ndowe zake? Iye anangoloza kumwamba. Mkulu wa gulu lathu, bambo wa ku Phalombe amene anakwera phirilo kuyambira nthawi ya Atsamunda, anayang'ana kumwambako, anayang'ana bokosilo, n'kunena chapansipansi kuti, "Anthu akakhuta." Tinasenza.

Ndi katundu wotere, njira ya ku Lichenya inatidyera tsiku lonse. Tinkapatukira onyamula matabwa amene ankatsika chothamanga, osavala nsapato, thabwa lalitali pamutu likugwedera. Fungo lawo linkatsogola iwo asanaoneke. Amene sananunkhizepo mkungudza wocheka kumene sindingamufotokozere. Miyezi yopanda alendo inenso ndinkasenza matabwa omwewo, ndipo ndibwereranso pamenepa.

Chifukwa ndinalekezera Sitandade 6 ndipo kachizungu ndinkakamvako, mzungu uja anandisankha kukhala pafupi ndi kamera. Dzina lake inali Bolex, yopangidwa ku Switzerland. Inalibe batire. Inkachita kupukusidwa ndi kachigwiriro ngati galamafoni ya agogo anga. Anandifotokozera motere: kanema sayenda, ndi zithunzi zoima zimene zimaonetsedwa mothamanga, 24 pa sekondi iliyonse, mpaka diso limanyengeka. Tsono ukajambula chithunzi chimodzi, n'kudikira, n'kujambulanso chimodzi, n'kudikira, kenaka n'kudzazionetsa pa liwiro lomwe lija, nthawi imafinyika. Iye ankafuna chithunzi chimodzi pa masekondi asanu alionse. Pa ola zinkakwana zithunzi 720, ndipo ola lonselo pa nsalu yoonetserapo kanema linkatha m'masekondi 30. Chitini chimodzi cha filimu chinkalowa zithunzi pafupifupi 4,000, ndiye kuti maola asanu ndi theka a munthu wokhala pamwala, kuti anthu a kwawo adzaonere mphindi zosakwana zitatu.

Kamerayo inali ndi kachingwe kokhala ndi kabatani kumapeto. Poyamba ankadina yekha akuyang'ana wotchi, koma anafunikanso kumayeza kuwala ndi kachipangizo kena ndi kulemba m'kabuku, ndiye anandipatsa ine. Wotchi inandisokoneza. Ndinaibweza n'kuyamba kuwerenga pakamwa. Apa Chichewa chinandikomera mtima, chifukwa kuwerenga kwathu kumapumira pa zisanu kenaka n'kuyambiranso: chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, kha! Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, kha! Anandiyesa ndi wotchi yake kwa mphindi khumi ndipo ndinaphonya pang'ono chabe. Kuyambira pamenepo anzanga ankanditchula kuti Wotchi, dzina limene linanditsatira mpaka ku maliro a anzangawo.

Masiku awiri oyamba kunali ngwee, thambo lopanda ndi kachidutswa komwe. Mlendo aliyense akanakondwa. Uyu ankangoyendayenda manja kumbuyo ngati mwamuna wodikira kunja kwa chikuta. Usiku wachiwiri mkulu wathu anatuluka kukataya madzi, pobwera anati, "Mumuuze bwana wanuyo agone. Mawa alandira alendo ake." Mphepo inali itatembenuka, ikuchokera kumwera chakum'mawa, ndipo nyenyezi za mbali imeneyo zinali zitayamba kuzilala.

Alendo amene ankanenawo anali mitambo ya chiperoni. Chiperoni dzina lake analitenga ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kuseri kwa malire, mbali imene mitambo imeneyi imatulukira. Imabwera nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Mphepo imanyamula chinyezi kuchokera kunyanja ya mchere ya India, kudutsa zigwa za Zambezia popanda choitchinga, mpaka kudzagunda khoma la Mulanje. Ikagunda ilibe kolowera koma kukwera, ikakwera imazizira, ikazizira chinyezi chija chimasanduka nkhungu ndi mvula yowaza imene imatha kukhala masiku atatu kapena asanu osakata. N'chifukwa chake tiyi ali mbali ya kumwera, ku Lujeri, ku Mimosa ndi ku Lauderdale kumene anayamba kumubzala mu 1891, pomwe kuseri ku Phalombe anthu amalima nandolo ndi mpendadzuwa pa nthaka youma. Phiri limodzi, koma mbali ina limamwetsa, mbali ina limamana.

Tinadzuka nthanda ikadali kumwamba. Udzu unali utauma ndi chisanu, ukuthetheka pansi pa mapazi. Tinaimika miyendo itatu ija m'mphepete mwa phompho, tinaipanikiza ndi miyala, n'kukhala. Kutayamba kuyera ndinaona chimene ndinali nditachionapo kambirimbiri koma osachiyang'ana: dziko lonse la pansi kunalibe. Minda ya tiyi, msewu wa ku Muloza, midzi, utsi wa m'makhitchini, zonse zinali pansi pa nyanja yoyera, ife tili pa chilumba. Chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, kha.

Munthu wonyamula katundu sayang'ana mitambo kuti aisirire. Amaiyang'ana kuti adziwe ngati afika ku nyumba yogona asananyowe. Koma ukakhala pamalo amodzi maola anayi, khosi osatembenuza, umayamba kuona zina. Nyanja ija siinali phee. Inkafufuma ngati thobwa likuwira, kukwera m'zigwembe pang'onopang'ono, kubwerera, kukweranso mopitirira pomwe inalekezera. Kachidutswa kankapatuka, kukwawa pathanthwe ngati nyama yofufuza fungo, n'kusungunuka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinadekha mokakamizidwa, chifukwa cha malipiro. Cha m'ma 10 koloko nkhungu inafika pa ife. Mzungu ndinkangomumva mawu ali pafupi ngati apa ndi apo. Galasi la kamera linachita thukuta, iye akulipukuta ndi kansalu pakati pa "zitatu" ndi "zinayi", dzanja n'kulichotsa msanga ndisanadine. Zala zanga zinafa dzanzi mpaka ndinkadina ndi chikhatho.

Tsiku lachisanu ndi limene ndinalakwitsa. Tinali titajambula maola awiri, mitambo ikuyenda bwino kwambiri, mzungu akuimba kamluzu. Pambali panga ndinaika buledi wanga wa nkhomaliro pa kapepala. Khungubwe wa m'phiri, uja wa khosi loyera ndi mlomo ngati nkhwangwa, anatera, kundiyang'ana, n'kutola buledi yense. Ndinadzambatuka osaganiza. Phazi linakola mwendo umodzi wa choimikira chija, kamera n'kupenama. Siinagwe, koma inasuntha, ndipo pa ntchito imeneyi kusuntha ndi kugwa n'chimodzimodzi: phiri likalumpha pakati pa kanema, zonse zaonongeka. Mzunguyo sanakalipe. Anakhala pansi, anavula chipewa, anayang'ana khungubwe akudya buledi patsidya. Kukhala chete kwakeko kunandipweteka kuposa mbama. Anzanga ndiye anaipeza nkhani yosekera chaka chonse: Wotchi yaima chifukwa cha buledi.

Masiku otsiriza tinasamukira ku Thuchila, kudzera ku Chambe, kuti akajambule chisisira. Kumeneko ukakhala pamatanthwe oyang'ana kuchigwa umaona Phalombe yense, nyanja ya Chilwa ikunyezimira kumpoto, ndi mapiri a Chiradzulu ndi Zomba atangoti njo patali. Iye ankadandaula kuti kuno kumada msanga. Kwawo, ankatero, nyengo yotentha dzuwa likalowa kumakhalabe koyera nthawi yaitali, pomwe kuno mu Julaye limalowa 5 koloko itangopitirira, ndipo theka la ola likatha wayamba kale kufufuza machesi. Choncho anandiuza kuti ndiziwerenga ziwiri zokha. Chimodzi, ziwiri, kha. Iye anagwira kamkombero ka pagalasi, akukapotoza pang'onopang'ono kuti diso la kamera lizitseguka pamene kuwala kukuchepa. Akapotoza kwambiri, kanema adzaphethira. Akachedwa, adzada. Ankapuma ngati munthu wolowetsa ulusi pa singano.

Madzulo amenewo ndinaona mitundu imene ilibe maina m'chinenero chathu kapena chake. Pansi pa mitambo panayaka ngati makala a mbaula, pamwamba pake pali potuwa. Kenaka moto uja unasamukira ku timitambo tating'ono ta m'mwamba kwambiri, timene timalandira dzuwa tokha pamene pansi pada kale. Anandigwira phewa kuti ndicheuke kum'mawa, chala chikudinabe. Kumeneko kunali mkanda wakuda ukukwera kuchokera pansi, pamwamba pake pali kofiirira. Anati umenewo ndi mthunzi wa dziko lenilenilo ukugwera pa thambo. Ndinakula ndikuuona, ndinkangoti ndi usiku ukubwera. Pansi m'chigwa moto wa m'midzi unayamba kuoneka umodziumodzi, wina mwa iwo uli wa kwa apongozi anga.

Titatsika anatilipira bwino, ine anandionjezera juzi ya ubweya, ndipo analonjeza kuti filimu ikakatsukidwa kunja adzatumiza kuti tidzaone. Mlendo ndi mame. Sindinamuonenso, ndipo kanemayo sanabwere. Sindimuimba mlandu kwambiri, chifukwa akanatumiza tikanaonera pa chiyani? Kanema tinkamuona galimoto ya boma ikabwera kudzaonetsa pabwalo la sukulu, ndipo wailesi yakanema m'dziko muno inayamba mu 1999. Komabe kwa zaka zambiri ndikamva kuti kwabwera kalata, mtima unkagunda. Ndinadina kabatani kaja kokwana mwina 20,000, osaona ngakhale sekondi imodzi ya ntchito yanga.

Tsono mumvetse chimene chinandigwira pamene mwana uja anandipatsa foni. Ndinamuuza kuti abwereze, anabwereza, mpaka batire inatha. M'mawa mwake anandionetsa ena amene anajambula miyezi yapitayo, ndipo pa mmodzi ndinamuimitsa. Unali mtambo uja umene umavala pa nsonga ya Sapitwa ngati chipewa. Sapitwa ndi wamtali mamita 3,002, ndipo mtambo umenewu umatha kukhalapo tsiku lonse ngakhale mphepo ikuomba yogwetsa munthu. Ndili mwana ndinafunsa bambo anga chifukwa chake mphepo siuchotsa. Iwo anati, "Si umodzi umenewo. Ukubadwa uku, ukufa uku." Ndinkayesa ndi mwambi. Pa foni paja ndinaona ndi maso: mbali yochokera mphepo mtambo ukupangika, kuyenderera pamwamba pa nsonga ngati madzi pa mwala wa mumtsinje, n'kuzimirira mbali inayo pamene mpweya ukutsika ndi kufunda. Chipewa chili pomwepo, koma ulusi wake ukusinthika nthawi zonse. Bambo anga sanagwirepo kamera. Ankasaka mbira ndi kutchera misampha, ndipo ankakhala pansi nthawi yaitali.

Pali china chimene sindigwirizana nacho pa makanema amenewa, ndipo mdzukulu wanga ndinamuuza. Amakometsa nkhungu mopitirira. Pa foni imabwera n'kuchoka usanameze malovu, yofewa ngati thonje. Mulibe kuzizira, mulibe njala, mulibe mantha a munthu amene watembenuka n'kupeza kuti njira imene anadzera kulibe. Alendo amaona zimenezi pa intaneti n'kubwera ndi malaya amodzi. Mu Julaye wa 2009 mnyamata wa ku Brazil anapitirira yekha ku Sapitwa atasiya womuperekeza, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita milungu pafupifupi itatu. Makolo athu ankati kumeneko kuli eni ake, ukapeza chakudya chokonzakonza udye wekha osaitana mnzako, ndipo usamalankhule mwachipongwe. Wina aziseka, koma malamulo amenewo ankapangitsa munthu kuyenda mwaulemu pamalo pomwe nkhungu imatha kukutsekera m'mphindi zisanu. Ndipo mitambo yomweyi ili ndi nkhope ina imene sinajambulike mokongola. Ife a kuno timakumbukira Malichi wa 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola Phalombe, anthu mazanamazana n'kutsala pansi pa miyala ndi matope. Timakumbukiranso Malichi wa 2023, namondwe wa Freddy. M'bale wa mkazi wanga sitinamuike m'manda.

Koma chimene chinandisowetsa tulo si zimenezo. Kanema wa ku Lichenya uja ndinamuonera kachisanu ndisanazindikire chimene chinkandivuta. Malowo ndinawadziwa, mwala womwewo kapena woyandikana nawo. Kudzanja lamanzere kuli chigwembe chimene mu 1981 chinali chodzaza ndi mikungudza, mitengo yoti anthu atatu kugwirana manja osaizungulira, nthambi zake zili ndi ndere zolendewera ngati ndevu za nkhalamba. Nkhungu ikalowa m'menemo inkachedwamo. Inkakodwa m'masamba ndi m'nderezo, n'kumadontha, moti pansi pa mtengo pankagwa mvula pamene pabwalo sikukugwa. Madzi amenewo ankalowa pansi n'kukatulukira m'timitsinje mwezi wa Okutobala, kutentha kuli pachimake. Pa foni ya mdzukulu wanga nkhungu inadutsa pa chigwembe chija osaima. Panalibe choigwira. Zitsa ndi udzu basi.

Mkungudza wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 Kamuzu anaulengeza mtengowu kukhala mtengo wa fuko. Ofufuza atayenda m'phirimo mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Moto wolusa unatenga gawo lake, tinsabwe tina timene tinagwira mitengoyi m'zaka za m'ma 1980 tinatenga lake, koma gawo lalikulu linatsika pamitu ya anthu. Mutu wina ndi uno. Chilolezo chinkati tizicheka mitengo yakufa yokha, ndipo tonse tinkadziwa mmene mtengo wamoyo umasandukira wakufa: kuusenda khungwa kuzungulira, n'kubweranso chaka chamawa. Ine sindinasendepo, koma sindinafunsepo kuti thabwa limene ndasenza lachokera pa mtengo wotani. Ana ankafuna fizi. Chitseko cha nyumba ino ndi cha mkungudza, chiswe sichinachilaweko zaka 40, ndipo ukachipala ndi mpeni chimanunkhirabe.

Usiku umenewo ndinawerengera monga anandiphunzitsira mzungu uja. Akanaisiya kamera yake pamwala paja, ine n'kumakwera kamodzi pamwezi kukadina, kuyambira Julaye wa 1981 mpaka Julaye wa 2025, zikanakhala zithunzi 528. Pa liwiro la 24 pa sekondi, ndi masekondi 22. Nkhalango yonse ikanatha munthu asanamalize kumwa kapu ya madzi. Ife zinatitengera zaka 44, mtengo umodzi lero, wina mwezi wamawa, ndipo palibe tsiku limene wina anadzuka n'kunena kuti nkhalango yatha.

Mwezi womwewo wa Julaye tinamva pa wailesi kuti bungwe la UNESCO laika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika pa dziko lonse. Anthu anavina. Mdzukulu wanga akuti alendo achuluka, ndipo aliyense akufuna mitambo yothamanga ya pa foni. Akutinso m'zigwembe zina a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi abzala mbande za mkungudza zambirimbiri, zina zapsa ndi moto, zina zafika m'chiuno, zina zapitirira mutu wa munthu.

Ndinamuuza kuti, "Iwe, mitambo yakwana. Aliyense akuijambula. Ukapeze chigwembe chimodzi chimene abzalamo, usankhe mwala wosasuntha, uuike chizindikiro. Mwezi uliwonse ukadutsa, foni pamwala pomwepo, kuloza komweko, chithunzi chimodzi."

"Chimodzi chokha, agogo? Nanga kanemayo adzatha liti?"

"Zaka 20 zikupatsa masekondi khumi."

Anandiyang'ana monga mmene mkulu wathu uja anayang'anira bokosi lachitsulo pa Likhubula. Koma anapita. Pamene ndikulemba pano ali ndi zithunzi zinayi, ndipo pa chachitatu sipakuoneka kanthu chifukwa kunali nkhungu.